Kunyumba tikuletsa, kusukulu akulola: tigwirizana bwanji pa nkhani ya AI ndi maphunziro a ana?

Mayi wa ana awiri analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi makolo anzanga pa nkhani imene yandiimitsa mutu. Ndili ndi ana awiri, wina wa zaka 15 amene ali ku sekondale ndi wina wa zaka 10 amene akadali ku pulayimale. Ine ndi bambo awo tinagwirizana kuti ntchito ya kusukulu mwana azilemba yekha, ndipo akakanika azifunsa ife kapena aphunzitsi ake, koma asamatsegule ChatGPT kapena pulogalamu ina iliyonse ya AI (mapulogalamu a pakompyuta amene amayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu) kuti imuchitire. Tinatero chifukwa timakhulupirira kuti mwana amene sanavutike nalo funso sangamvetse yankho lake mozama, komanso chifukwa tikufuna kuti ana athu akule akudziwa kuti ntchito imene alembapo dzina lawo iyenera kukhala yawoyawo.

Tsopano zapezeka kuti kusukulu kwa wamkuluyo aphunzitsi sakuyankhula chimodzi. Mphunzitsi wa sayansi amauza ophunzira kuti azifunsa AI iwafotokozere mutu watsopano asanabwere m'kalasi, ndipo nthawi zina amapereka ntchito imene singatheke popanda pulogalamuyo. Mphunzitsi wa chiyankhulo amati aliyense amene apezeke kuti wagwiritsa ntchito AI polemba chimangirizo apatsidwa ziro. Mwanayo amatiuza kuti lamulo lathu likumubwezera m'mbuyo, popeza anzake akumaliza ntchito msanga ndipo akupeza malikisi okwera. Sindikufuna kunyozetsa aphunzitsi pamaso pa mwana, komanso sindikufuna kutaya zimene banja lathu limaziona kuti ndi zofunika.

Kodi kholo lili ndi danga lokana pamene sukulu yalola? Ndipite bwanji kusukuluko kuti ndisaoneke ngati ndikufuna kuphunzitsa aphunzitsi ntchito yawo? Nanga wamng'onoyo, amene wayamba kale kufunsa chifukwa chimene mkulu wake amaloledwa kugwiritsa ntchito AI nthawi zina kusukulu kwawo, ndimuyankhe chiyani?

Mphunzitsi wa masamu anayankha kuti:

Mayi, ndikuganiza kuti aphunzitsi awiriwo sakutsutsana kwambiri monga mmene zikuonekera kwa mwana, ngakhale kuti analakwa posafotokoza zifukwa zawo. Ntchito iliyonse imene mphunzitsi amapereka imakhala ndi luso limene ikufuna kukulitsa. Mphunzitsi wa chiyankhulo akapereka chimangirizo, chimene akufuna ndi chakuti mwana asankhe mfundo, azisanje, apeze mawu oyenera, afufute ndi kulembanso. Makina akachita zimenezo, pepala limabwera lokongola koma luso lonse limene ntchitoyo inaperekedwera silinakhudzidwe n'komwe. Mphunzitsi wa sayansi akanena kuti mwana afunse AI za mutu umene adzaphunzire mawa, akufuna kuti mwanayo afike m'kalasi atamvapo kale mawu ena ovuta, ndipo kuganiza kwenikweni kudzachitika pamaso pa mphunzitsiyo. Choncho pa ntchito iliyonse mwana wanu akhoza kudzifunsa kuti: ndi gawo liti la ntchitoyi limene aphunzitsi akufuna kuti lichitike m'mutu mwanga? Gawo limenelo asalipereke kwa makina, zivute zitani.

Nkhawa yanu yakuti mwana ayenera kuvutika nalo funso ili ndi umboni wamphamvu kumbuyo kwake. Mu 2024 akatswiri a ku yunivesite ya Pennsylvania anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ophunzira a sekondale pafupifupi 1,000 m'dziko la Turkey, pa phunziro la masamu. Ophunzirawo anagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkayeserera masamu ndi pulogalamu yofanana ndi ChatGPT wamba, imene imapereka yankho lonse munthu akaipempha. Gulu lachiwiri linali ndi pulogalamu yokonzedwa kuti izingopereka malangizo pang'onopang'ono osaulula yankho. Gulu lachitatu linalibe AI. Pa nthawi yoyeserera, gulu loyamba linakhoza kuposa gulu lopanda AI ndi 48 peresenti, ndipo lachiwiri linaposa ndi 127 peresenti. Koma atawalanda makinawo n'kuwapatsa mayeso, gulu loyamba linatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi amene sanagwiritsepo AI, pamene gulu lachiwiri linakhoza pafupifupi mofanana ndi iwo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna muzione pamenepa. Choyamba, malikisi okwera a ntchito ya kunyumba amene mwana wanu akusirira kwa anzake akhoza kukhala ofanana ndi 48 peresenti ija, amene amasowa tsiku la mayeso. Chachiwiri, ndipo ichi okonda AI sakonda kuchitchula, ngakhale pulogalamu yokonzedwa bwino ija sinapangitse ana kukhoza mayeso kuposa amene anangogwiritsa ntchito mabuku awo. Inangochotsa chiwonongeko. Katswiri wa kaganizidwe ka anthu Robert Bjork anafotokoza kale mu 1994 kuti pali zovuta zina zimene zimathandiza kuphunzira: zinthu zimene zimachedwetsa wophunzira lero, monga kuyesa kukumbukira yekha asanayang'ane m'buku, ndi zomwezo zimene zimapangitsa kuti chidziwitso chikhalitse. AI imachotsa zovuta zamtunduwu mosavuta kwambiri, ndipo mwana sangazindikire kuti wataya kanthu, chifukwa iye amangoona kuti zinthu zayenda bwino.

Komabe lamulo lanu loletseratu ndikadalifewetsa pang'ono. Mwana amene wayesa funso yekha n'kukanika, ndipo wapempha pulogalamu kuti imusonyeze pamene walakwitsa popanda kumupatsa yankho, sanabere. M'kalasi mwanga ndimauza ophunzira kuti ayambe ayesa okha, alembe pamene akakamira, ndipo akafunsa makina abweretse zimene anafunsa pamodzi ndi zimene anayankhidwa. Kenako ndimaitana mmodzi kuti afotokoze pa bolodi. Amene anangokopera amadziwika pasanathe mphindi imodzi, ndipo sindifunikanso kumukalipira.

Bambo wina wosakhutira anayankha kuti:

Aphunzitsi, zimene mwafotokoza ndi zomveka pa nkhani ya malikisi ndi luso, koma mwadumpha funso loyamba la mayiwa, lakuti kodi kholo lili ndi danga lokana. Ine ndikuti danga lilipo, ndipo silichokera ku chifundo cha sukulu. Kampani ya OpenAI, imene inatulutsa ChatGPT pa 30 Novembala 2022, inalemba yokha m'malamulo ake kuti wogwiritsa ntchito pulogalamuyo akhale wa zaka 13 kapena kuposerapo, ndipo amene sanakwanitse zaka 18 akhale ndi chilolezo cha kholo kapena womulera. Ndiye mphunzitsi akapereka ntchito imene singatheke popanda kutsegula akaunti, ndiye kuti wagwiritsa ntchito chilolezo cha kholo asanachipemphe. Mwina sanachite dala, koma mfundo yake ndi imeneyo. Mayi, pa mwana wanu wa zaka 10 palibenso chokambirana: ali pansi pa msinkhu umene eni ake a pulogalamuyo anaika, ndiponso bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, m'malangizo amene linatulutsa mu Seputembala 2023, linati zaka 13 ndizo zikhale poyambira kugwiritsa ntchito zida zotere m'kalasi. Muuzeni mwanayo zoona zake, kuti lamulolo si lanu nokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kubera ayi. Mwana akamacheza ndi makinawa salemba za sayansi zokha. Amalemba dzina lake, za anzake, za mikangano ya kunyumba, ngakhale za mantha amene sanauzepo munthu aliyense, ndipo zonsezo zimakasungidwa pa makompyuta a kampani imene kholo silingaifikire. Kumapeto kwa Marichi 2023 bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Italy linaimitsa ChatGPT kwa pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti panalibe njira yotsimikizira zaka za wogwiritsa ntchito. Njira zoti kholo liziyang'anira akaunti ya mwana kampaniyo inadzaziika mu Seputembala 2025, patatha zaka pafupifupi zitatu ana akugwiritsa kale ntchito pulogalamuyo. Zimenezi zikundiuza kuti chitetezo cha ana chimabwera pambuyo, ndipo amene ayenera kukhala maso ndi ife.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limanena mu ndime 18 kuti udindo woyamba wolera mwana ndi wa makolo. Sukulu ndi imene ikudziwa kaphunzitsidwe, ndipo pamenepo sindilowererapo. Koma nthawi imene mwana amakhala pa foni usiku, zinsinsi zimene akupereka, ndi amene akumuuza zakukhosi, zimenezo ndi za banja. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana agwiritse ntchito AI achite zimenezo kusukulu, pa makompyuta a sukulu, iye ali pomwepo, kapena apereke njira ina kwa mwana amene makolo ake akana.

Mayi wa ana awiri anayankhanso kuti:

Zikomo aphunzitsi, zikomonso bambo. Ndikuona kuti nonse muli ndi mfundo, koma zandiwonjezera funso lina. Ndikatsatira bambowa n'kukana chilolezo, mwana wanga yekha ndiye azipatsidwa ntchito yosiyana ndi anzake, ndipo pa msinkhu wake zimenezo zimawawa kuposa ziro. Ndikatsatira aphunzitsiwa, ndiye kuti ndikudalira mwana wa zaka 15 kuti adziletse yekha kupempha yankho pamene yankholo lili pafupi chonchi. Palinso china chimene sindinanene poyamba: mphunzitsi wa chiyankhuloyo amagwiritsa ntchito pulogalamu imene akuti imazindikira zolembedwa ndi AI. Kodi mwana amene walemba yekha angakhale ndi mtendere kuti sadzanamiziridwa?

Mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito anayankha kuti:

Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lomalizali chifukwa ndi limene lili ndi yankho lachindunji. Mapulogalamu ozindikira zolembedwa ndi AI si odalirika moti n'kulangira mwana pa umboni wawo wokha. Kampani ya OpenAI yomweyo inatulutsa pulogalamu yotere mu Januwale 2023, ndipo inanena yokha kuti inkazindikira zolembedwa ndi makina 26 zokha pa 100 zilizonse, pamene zolembedwa ndi anthu 9 pa 100 zilizonse inkazinamizira kuti ndi za makina. Mu Julayi chaka chomwecho anaichotsa chifukwa cha kulephera kwake. Chaka chomwechonso ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti mapulogalamu oterewa ananamizira zoposa theka la zimangirizo zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, chifukwa anthu otere amalemba ndi mawu osavuta ndi ziganizo zofanana kapangidwe. Chitetezo cha mwana wanu ndi kusunga zolemba zake zoyambirira, mfundo zimene anasanja asanalembe, ndi mapepala amene anafufutafufuta. Ndipo mukapita kusukulu, pemphani kuti mwana aliyense wokayikiridwa ayambe wapatsidwa mpata wofotokoza ntchito yake pakamwa asanalangidwe.

Tsopano za kapitidwe kanu kusukuluko. Kwa zaka zimene ndinatsogolera sukulu ndinaona kuti kholo limene labwera ndi chigamulo limabwerera ndi ulemu wokhawokha, pamene kholo limene labwera ndi funso lomveka limasintha zinthu. Musapite kukanena kuti mphunzitsi wa sayansi akulakwa. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu mukanene kuti mwana akulandira malangizo awiri osiyana, ndipo inu mukufuna kudziwa chimene sukulu yonse imanena kuti muthandizire kunyumba. Mwina mudzapeza kuti sukuluyo ilibe mfundo yolembedwa, ndipo musadabwe nazo. Ngakhale akuluakulu a maphunziro a mzinda wa New York, amene amayang'anira sukulu zaboma zochuluka kuposa mzinda wina uliwonse ku America, analetsa ChatGPT pa makompyuta a sukulu mu Januwale 2023, kenako n'kusintha maganizo mu Meyi chaka chomwecho. Bungwe la International Baccalaureate, limene limakonza maphunziro ndi mayeso a sukulu za m'mayiko ambiri, linasankha njira ina kuyambira pachiyambi: silinaletse, koma linati chilichonse chimene wophunzira watenga kwa AI achisonyeze poyera monga mmene amasonyezera mawu otengedwa m'buku la munthu wina.

Kusowa kwa mfundo yolembedwa kumafika poipa. Mu 2024 makolo ena m'chigawo cha Massachusetts ku America anasumira sukulu ya mwana wawo atalangidwa chifukwa chogwiritsa ntchito AI pa ntchito ya mbiri yakale, ndipo dandaulo lawo linali lakuti buku la malamulo a sukulu silinaletse zimenezo momveka. Mu Novembala chaka chimenecho woweruza anakana pempho lawo lofuna kuti chilangocho chisinthidwe msanga. Kaya wina akomere mbali iti, mwana amene makolo ake ndi aphunzitsi ake akukumana kukhoti waluza kale china chake.

Chimene ndingakulangizeni kuti mupemphe, makamaka kudzera m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi kuti isakhale nkhani ya banja limodzi, ndi chakuti mphunzitsi aliyense azilemba pamwamba pa ntchito imene wapereka ngati AI ndi yoletsedwa, ngati ndi yololedwa pa gawo lina lokha monga kufufuza mfundo, kapena ngati ndi yofunika. Ndi chiganizo chimodzi chokha, koma chimakakamiza mphunzitsi kuganizira cholinga cha ntchito yake, ndipo chimachotsa mwana pakati pa akuluakulu awiri. Lamulo la kunyumba likhoza kukhala lakuti timatsatira zimene zalembedwa pamwambapo, ndipo pamene sipanalembedwe kanthu timalemba tokha. Mukatero mfundo yanu ya chilungamo yatsala chilili, ndipo simunatsutse mphunzitsi aliyense.

Ndiwonjezere kamodzi kwa bambo amene anatchula pangano la ufulu wa ana. Pangano lomwelo, mu ndime 12, limati mwana amene angathe kupanga maganizo ake amvedwe pa nkhani zomukhudza, molingana ndi msinkhu wake. Mwana wa zaka 15 watsala ndi zaka zitatu kuti azisankha yekha. Lamulo limene wathandiza kulipanga ndi limene angalisunge pamene inu muli m'tulo.

Mphunzitsi wa masamu anayankhanso kuti:

Bambo, ndikuvomereza kuti chilolezo ndi cha kholo, ndipo mphunzitsi amene akufuna akaunti ya mwana ayenera kulemba kalata kaye. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa ganizo lakuti AI ikhale ya kusukulu kokha. Ana sakudikira chilolezo chathu, ndipo zida zimenezi zalowa kale m'mapulogalamu ofufuzira pa intaneti ndi otumizirana mauthenga, moti mwana akhoza kulandira yankho la AI asanaipemphe n'komwe. Mwana amene kunyumba sayankhula za AI chifukwa ndi yoletsedwa amaigwiritsabe ntchito, koma mobisa, ndipo mobisa ndi mmene amaigwiritsira ntchito moipitsitsa. Ine ndingakonde kholo limene limakhala pansi ndi mwana, kufunsa pulogalamuyo funso limene kholoyo likudziwa bwino yankho lake, n'kuona limodzi pamene yalondola ndi pamene yaphonya.

Mayi, pa nkhawa yanu yakuti mwana adziletsa bwanji, simukuyenera kudalira kudziletsa kokha. Ntchito ya kusukulu ichitikire pamalo oonekera m'nyumba, ndipo akamaliza mufunseni akufotokozereni chinthu chimodzi chimene waphunzira, buku ndi foni zili potero. Simukuyenera kudziwa sayansi kuti muzindikire ngati akufotokoza zimene wamvetsa kapena akungobwereza mawu.

Wogwira ntchito za makompyuta anayankha kuti:

Ndiwonjezerepo za mmene makinawa amagwirira ntchito, chifukwa zimakhudza zimene makolo ndi aphunzitsi angagwirizane. Mapulogalamu monga ChatGPT anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi, ndipo akamayankha amalosera mawu amene akuyenera kutsatira pa mawu amene alipo kale. Chifukwa cha kapangidwe kameneka amatha kupeka dzina la buku, chaka kapena chiwerengero, n'kuzinena molimba mtima mofanana ndi mmene amanenera zoona. Mu 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa chopereka m'khoti milandu yakale imene ChatGPT inapeka, imene sinachitikepo. Ngati maloya ananyengeka, mwana amene akuphunzira mutu koyamba ndiye alibe pogwira, popeza kuti munthu azindikire bodza ayenera kukhala akudziwa kale zina mwa zoona zake. Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti mphunzitsi wa sayansi uja ayenera kuwonjezera gawo limodzi pa ntchito yake: ana aziyerekeza zimene AI yanena ndi zimene zili m'buku la sukulu, ndipo azibweretsa m'kalasi pamene ziwirizo zasiyana.

Palinso mfundo imene mungaitengere ku komiti imene aphunzitsi aakulu atchula. M'kalasi iliyonse muli ana amene alibe foni kapena kompyuta kunyumba, ena ali nayo koma intaneti ndi yosadalirika, ndipo ena makolo awo amalipira mapulogalamu amphamvu kuposa aulere. Ntchito ya kunyumba imene singatheke popanda AI imayesa zimene banja lili nazo pamodzi ndi zimene mwana akudziwa. Choncho njira ina yochitira ntchitoyo iyenera kukhalapo kwa aliyense, ndipo ikakhala yotseguka kwa onse, mwana amene makolo ake akana chilolezo saoneka wosiyana ndi anzake, chifukwa sakhala yekha woisankha. Mukafunsenso ngati sukulu ikupereka maakaunti akeake kapena ikusiyira ana kutsegula okha, ndani amaona zimene ana alemba, zimasungidwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati kampaniyo imazigwiritsa ntchito pophunzitsa makina ake. Mayankho a mafunso amenewa amakhala m'pangano la sukulu ndi kampaniyo, ndipo komiti ya makolo ikhoza kupempha kuliona musanasayine kalata iliyonse ya chilolezo.